Mapando 364 pa kamunda ka m'tauni: mmene ndimakonzera chimanga cha Pfumvudza ku Harare

Ntchito ndimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, dothi lili gwa, ndipo khasu ndimaligwira nditatsimikiza kaye za malo. Kuno ku Harare lamulo limaletsa kulima pasanathe mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amaletsanso kulima m'dambo popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka. Dothi ndi feteleza zokokoloka m'malokeshoni a Mufakose, Highfield kapena Mbare zimagwera m'mitsinje ya Marimba ndi Mukuvisi, n'kukathera mu Lake Chivero, komwe kumachokera madzi athu akumwa. Namasupuni wadzaza m'nyanjamo amanenepa ndi zonyansa za m'mipope pamodzi ndi feteleza yemweyo. Malo odutsa madzi a suweji yophulika ndimawakana ngakhale chimanga chake chibiriwire chotani. Ngati ndi dimba la gulu, pa tchalitchi kapena pa sukulu, ndimapempha chilolezo cholembedwa, chifukwa chimanga chobzalidwa pamalo oletsedwa khonsolo imatha kuchitchetcha chili pafupi kumasula.

Munda wathunthu wa Pfumvudza, njira yolimira imene a bungwe la Foundations for Farming anakonza ndipo boma la Zimbabwe linayamba kuifalitsa mu 2020, ndi mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi: mizere 52, uliwonse mapando 28, onse pamodzi 1,456. Cholinga n'chakuti mzere umodzi udyetse banja sabata imodzi. M'lokeshoni malo otere ndi osowa, choncho ine ndimatenga gawo limodzi mwa magawo anayi: mizere 13, mapando 364, pamalo a mamita 10 ndi 16. Pamafunika theka la kilogalamu ya mbewu, makilogalamu 3 a laimu, 4 a feteleza wokulitsa wa Compound D ndi 4 a feteleza wobereketsa wa AN (ammonium nitrate).

Ife a ku Malawi tinakulira pokweza mizere ndi kubandira, koma apa sitigalauza nthaka. Ndimazula udzu, n'kukhoma zikhomo m'makona. Pa chingwe ndimafinyirapo zitsekerero za mabotolo motalikirana masentimita 60, ndipo mzere ndi mzere ndimasiya masentimita 75, kuyeza ndi kamtengo kodula kale. Mizere idule chitunda mopingasa. Phando lililonse ndimakumba masentimita 15 kuya, dothi n'kuliunjika kumunsi kwa dzenje kuti litchinge madzi. Mizere iwiri patsiku ndi yokwanira, sabata imodzi ntchito yatha.

Mu Okutobala ndimathira zakudya za nthaka. Pansi pa dzenje ndimawaza supuni yaing'ono ya tiyi ya laimu. Anthu ambiri amadumpha laimu poona ngati n'kutaya ndalama, koma pa dothi lamchenga ngati la ku Epworth ndi Mabvuku asidi amakhala wambiri, ndipo feteleza amene mwagula movutikira mizu imalephera kumuyamwa bwino. Kenako ndimathira chitini chimodzi cha manyowa owolerana, chonga cha nyemba chija, ndi supuni ya tiyi imodzi ndi theka ya Compound D. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu, ziyenera kuwola kaye miyezi iwiri kapena itatu. Pomaliza ndimakwirira ndi dothi mpaka dzenje litsale masentimita 5 okha. Mbewu ikagundana ndi feteleza imapsa isanamere, ndipo munthu amadzudzula wogulitsa mbewu pomwe vuto linali pokwirira.

Kuphimbira ndi kumene kumavuta kwambiri m'tauni, ndiponso ndi kumene kumapulumutsa munda pa ng'amba ya mu Januwale. Ndimatolera mapesi a chaka chatha, masamba oyoyoka a mitengo ya msasa ndi jakaranda, ndi udzu womweta usanabereke njere. Ndimayala mokhuthala ngati zala zinayi, malo onse kupatula pa dzenje penipeni. Zochokera ku mulu wa zinyalala za mumsewu ndimazipewa, chifukwa zimakhala ndi mapepala apulasitiki, mabatire ndi matewera. Chiswe chikabwera musachite mantha, chimadya zouma n'kuboola nthaka, madzi amalowa bwino. Chimagwira chimanga makamaka pamene zophimbira zatha.

Mvula ya chizimalupsa sindibzalira. Ndimadikira mvula ya mamilimita 30 kapena kuposa, imene kuno imagwa kawirikawiri pakati kapena kumapeto kwa Novembala. Chitini chowongoka choikidwa pabwalo chimandiuza: madzi akafika masentimita 3, m'mawa mwake ndabzala. Amene ali ndi chitsime akhoza kuyamba msanga pothira malita awiri pa phando, ndiye kuti malita 728 pa kamunda konse. Ndimaika njere zitatu motalikirana m'phandomo, n'kukwirira mosalaza ndi dothi lopanda zibuma. Mbewu yocha msanga ngati SC 403 imayenera wochedwa kubzala, SC 513 imafuna nyengo yotalikirapo pang'ono.

Pakatha masabata awiri kapena atatu chimere, ndimapatulira kuti patsale ziwiri pa phando. Mtima umawawa kuzula mmera wathanzi, koma zitatu zimalimbirana chakudya n'kubereka tizitsononkho. AN ndimathira kawiri, supuni imodzi ya tiyi pa phando: chimanga chikafika m'bondo, kenako chisanatulutse ngayaye. Ndimaboola kadzenje kumtunda kwa phando, masentimita 10 kuchokera pa tsinde, n'kukwirira, dothi lili lonyowa. Feteleza womwaza pamwamba amatsukidwa ndi mvula.

Ntchemberezandonda ndimaziyendera kawiri pa sabata m'mamawa. Chizindikiro ndi timawindo tooneka mbuu pa masamba ndi ndowe zonga utuchi mu mtima wa chimanga. Pa mapando 364 n'zotheka kuphwanya mazira ndi mbozi ndi zala, n'kuthira mu mtimamo phulusa losakaniza ndi mchenga. Mbozi ikakula n'kubisala mkati, ngakhale mankhwala saigwira bwino.

Ndikakolola mu Epulo kapena Meyi, mapesi ndimadula n'kuwagoneka pakati pa mizere, mizu n'kuisiya m'nthaka kuti iwolere momwemo. Moto suyandikira. Zikhomo za m'makona zimatsala, chifukwa chaka chamawa ndidzakumba m'mapando omwewo, ndipo mizere inayi mwa 13 ndidzabzalamo nyemba kapena soya.