Ziphuphu za pansi pa masiki

Mawu amene mtsikana wogulitsa mu sitolo ya zodzoladzola ya Olive Young wandiuza masana ano akundibwererabe m'maganizo, ndipo tulo sitikubwera. Ndinalowa m'sitolomo chifukwa cha ziphuphu zimene zanditulukira pachibwano ndi m'masaya, malo enieni amene masiki yoteteza ku fumbi ya mtundu wa KF94 imagunda, chiyambireni kuivala tsiku lonse pamene fumbi lachikasu la mwezi wa Epulo linakuta mzinda wa Seoul kuno ku South Korea.

Ndinamupempha mankhwala amphamvu kuposa onse. Iye anayamba wandifunsa mmene ndimasambira kumaso, ndipo nditamuuza kuti ndimakhula katatu patsiku ndi sopo wa m'thupi, monga ndinkachitira kwathu ndi chinkhupule, anapukusa mutu. Anati khungu langa silinade, koma lavulala. Anafotokoza kuti mkati mwa masiki mumadzaza mpweya wofunda ndi thukuta, nsalu imakwecha khungu nthawi iliyonse imene munthu akulankhula, ndipo mafuta a m'thupi pamodzi ndi khungu lofundulukalo zimatseka timabowo ta pankhope. Khungu la munthu limakhala ndi pH (muyeso wosonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena ayi) ya pafupifupi 5.5, pamene sopo wamba amafika pa 9 kapena 10, choncho ine ndakhala ndikuwonjezera bala pamene ndimayesa kuti ndikuchiza.

Zimenezi zinandikhudza kwambiri, chifukwa kwa masabata onsewa ndakhala ndikuchita manyazi kuvula masiki pamaso pa anzanga a m'kalasi nthawi ya chakudya, poganiza kuti andiona ngati munthu wauve.

Ndinkayembekezera kuti andidzazira dengu ndi mabotolo khumi, poti dziko la Korea limatchuka ndi kudzola zinthu zambiri motsatizana, koma anandipatsa zitatu zokha: sopo wamadzi wa kampani ya COSRX wa pH yotsika, mafuta opepuka okhala ndi chomera cha centella chimene kuno amachitchula kuti cica, chomwe chimaziziritsa khungu lonyerenyetsa, ndi timapepala tozungulira ta hydrocolloid tomata pachiphuphu. Timapepalato timayamwa mafinya, timateteza chiphuphu kuti masiki isachikweche, komanso timaletsa zala kukafinya. Anandichenjezanso kuti ndisadzole zodzikongoletsera pamalo pamene paphimbidwa, ndiponso ndizisintha masiki ikangonyowa.

Kenaka ndinamuonetsa chimene chimandipweteka mtima kuposa ziphuphuzo, ndiwo mawanga akuda amene amatsala chiphuphu chikapola. Pa khungu lakuda ngati langa mawangawa amatha miyezi yambiri asanafufutike. Apa anakhala chete pang'ono, kenaka anatchula mankhwala odzola otchedwa niacinamide ndi mafuta oteteza kudzuwa, koma anavomera poyera kuti sanathandizepo munthu wa khungu ngati langa. Ndinamulemekeza chifukwa cha chilungamo chakecho, ngakhale kuti ndinatuluka ndili wosungulumwa. Pafupi ndi pamene tinaima panali mabotolo ambiri olonjeza kuwalitsa nkhope, ndipo ine sindikufuna kuyera, ndikungofuna kuti nkhope yanga ibwerere mtundu wake umodzi.

Madzulo ano ndasamba ndi manja okha, mosakhula, ndipo ndamata timapepala titatu pachibwano. Botolo la niacinamide ndinalisiya pa shelefu. Mwina ndipite kaye kwa dokotala wa khungu, ngakhale kuti kumenekonso ndikuopa kuti ndikakhala woyamba wa khungu ngati langa.