Mphepo ndiyo imatchera msampha m'mapiri a ku Scotland

Ambiri okwera mapiri m'nyengo yozizira amafunsa kuti chipale chagwa chochuluka bwanji. Ku Scotland, pofuna kupewa ngozi ya kugumuka kwa chipale, funso loyamba likhale lina: masiku atatu apitawa mphepo yakhala ikuchokera kuti? Kawirikawiri imachokera kumadzulo ndi kumwera chakumadzulo. Imasesa chipale pamwamba pa phiri n'kukachiunjika kuseri, m'malo oyang'ana kumpoto ndi kum'mawa, makamaka m'makwawa. Chounjikidwacho chimagwirana n'kukhala chibenthu chimodzi cholimba chomwe amati windslab, ndipo chikhoza kupangika usiku umodzi ngakhale chipale chatsopano chisanagwe.

Choopsa chili pansi pa chibenthucho. Nthawi zina pamakhala timibulu tofewa tosagwirana, nthawi zina chipale chakale chimene chinasungunuka n'kuumanso, choterera ngati galasi. Zili ngati thabwa logoneka pa chimanga chotonola: limakhala bata mpaka munthu ataliponda. N'chifukwa chake ngozi zambiri amaziyambitsa ndi okhudzidwawo kapena anzawo.

Chipale chotere chimadziulula. Chimaoneka chotuwa ngati choko, chosanyezimira. Mukachiponda chimalira ngati ng'oma, ming'alu n'kuthamanga kuchokera pa nsapato. Mukamva chikutitimira ndi phokoso pansi panu, bwererani pomwepo, musayambe kukambirana. Pamwamba pa mtsetse pakalendewera mlomo wa chipale, umene amati cornice, dziwani kuti mmunsi mwake ndi momwe mphepo yataya katundu wake.

Chipale chimagumuka kwambiri pa mtsetse wa madigiri 30 mpaka 45. Kuyeza n'kosavuta. Imikani ndodo imodzi chilili, ina yofanana nayo muigoneke mopingasa kuchokera kumutu kwa yoyambayo. Ikakhudza chipale, amenewo ndi madigiri 45. Ikakhudza mutaitsitsa kufika pakati, ndi pafupifupi 27. Yang'ananinso kumwamba ndi kunsi kwanu, pakuti khwawa limasonkhanitsa chipale chonse malo amodzi. Mu Malichi 2019 anthu atatu anafera m'khwawa la Number 5 Gully pa phiri la Ben Nevis chipale chitagumuka.

Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limatulutsa uthenga wochenjeza za kugumuka kwa chipale tsiku lililonse kuyambira pakati pa Disembala mpaka Epulo, wa madera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Lochaber, Glencoe ndi Northern Cairngorms. Mlingo wake wa kuopsa ndi 1 mpaka 5. Ine ndimaopa kwambiri 3, chifukwa anthu amamuona ngati wapakati n'kupita, chonsecho pamenepo munthu mmodzi ndi wokwanira kugumula mtsetse. Musathere pa nambala. Onani mbali za phiri ndi msinkhu umene waikidwa chizindikiro, njira yanu muikonze mozemba malowo.

Aliyense pagulu akhale ndi transceiver (kachipangizo kothandiza kupeza munthu wokwiririka) yoyatsidwa, yovala mkati mwa jekete osati m'chikwama, ndodo yopisira yosachepera masentimita 240, ndi fosholo yachitsulo, chifukwa chipale chogumuka chikaima chimauma gwa! Podutsa pokayikitsa, muziwoloka mmodzimmodzi ena akuyang'ana ali pabwino. Wina akakwiririka, sungani ndi maso pamene anamira, imbani 999 kupempha apolisi kenako mountain rescue (gulu lopulumutsa anthu m'mapiri), koma kufukula muyambe nokha. Wofukulidwa pasanathe mphindi 15 nthawi zambiri amapulumuka. Zikapitirira 35, ambiri amakhala atabanika kale. Ndodo ikamukhudza isiyeni ili chomwecho, muyambe kukumba chakumunsi kwake molowera kumene ali, n'kuyamba kumuchotsa chipale kukamwa ndi pachifuwa.