Lipoti la ulendo wa gulu lathu la banki mkhonde, tsiku lomwe tinakadya kuphiri

Amayi anzanga amene simunakwanitse kubwera Loweruka lija, ndinalonjeza kuti ndilemba ndiye nazi. Mukukumbuka titagawana masheya tinagwirizana kuti aliyense asonkhe kangachepe tikadye kumalo odyera apamwamba, poti ambirife tinabadwira ku Zomba konkuno, phirili timaliona m'mawa ulionse tikamapita kudimba koma kukwerako ayi. Tinapita anthu 14, minibasi tinachita hayala pa Chinamwali.

Tinadutsa mtauni kumtunda kuja kuli nyumba zakale za boma za nthawi imene Zomba inali likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, kenako msewu wokhotakhota uja, mitengo ya paini mbali zonse, anyamata ali m'mbali mwa msewu ndi timbale ta sitiroberi ndi mabulosi. Pa damu la Mulunguzi tinaima pang'ono, agogo athu anangoti kakasi kumva kuti madzi a pampopi omwe timatunga kwathu amachokera pamenepa. Dalaivala anatifikitsanso ku Emperor's View, paja anaima Haile Selassie mfumu ya ku Ethiopia mu 1965, ndipo kunja kunali kowala moti nyanja ya Chilwa imaoneka mpaka chilumba cha Chisi, uko Mulanje ali chiimire. Kuzizira kokha ndiye musanene, zitenje zonse zinathera m'mapewa.

Pamalo odyera paja anatilandira bwino zedi. Mtsikana woperekera zakudya anabwera ndi menyu nkuti "Takulandirani amayi, khalani omasuka, chomwe simukuchimva mundifunse," ndipo anatifotokozeradi chimodzichimodzi mu Chichewa osatopa. Patebulo nsalu yoyera mbee, aliyense mafoloko awiri ndi mipeni iwiri. Anayamba kutipatsa supu wa maungu ndi kabuledi kotentha, kenako ena anaitanitsa nkhuku ndi tchipisi, ine ndinatenga chambo chowotcha ndi nsima. Amayi a tcheya anapempha madzi osamba m'manja, anabweretsa ofunda m'kabeseni ndi kathawulo, palibe amene anatiyang'ana modabwa.

Koma chimene chandipangitsa kulemba motalika ndi ichi. Pambali pa chambo changa panali nkhwani wotendera, kambale kakang'ono, ndi tomato wodula mopyapyala, anyezi ndi karoti. Ndinalawa ndikumva kuti uyu ndi nkhwani wathu yemweyu, amene timagulitsa pamulu pamsika dzuwa likutiwotcha ndipo ikafika 5 koloko timangoti tengani ndi pulayizi kuopa kuti afota. Mtengo wa mbale imodzi pamenepo ine ndimaupeza nditagulitsa masamba masiku angapo, mtima unandiwawa pang'ono, osati chifukwa choti atibera ayi, chakudya chinali chabwino ndipo ntchito yawo imaoneka, koma poona kuti thukuta lathu limafika patebulo ngati ili ife osadziwa kuti ladzera njira iti.

Asungichuma athu paja sachita manyazi, anapempha kuti tionane ndi wophika wamkulu. Bambowo anatuluka atavala epuloni yawo nkutipatsa moni mmodzimmodzi. Tinawafunsa kuti "Bambo, masambawa mumagula kwa ndani?" Anatiuza kuti ambiri amagula mumsika waukulu mtauni, mbatata ya kachewere ndi zipatso amatenga kwa alimi a kuphiri komweko. Chomwe amafuna kwa wowagulitsa nchakuti asamaphonye tsiku, masamba akhale othyola m'mawa womwewo, tomato wosankha wofanana kukula, wosaphwanyika, wobwera m'kireti osati wopanikizana m'thumba. Amayi, zimenezi zingatikanike ife? Madimba tili nawo, madzi alipo, chomwe timasowa ndi kugwirizana kuti wina akadwala kapena kukagwa maliro mnzake apereke m'malo mwake.

Bilu itabwera ndalama zinakwana, zotsala tinamupatsa mtsikana uja. Potsika tinagula sitiroberi za ana, agogo anayambitsa nyimbo mpaka kufika pa Chinamwali kutada.

Pamsonkhano wa Lachinayi aliyense abwere atalemba zomwe ali nazo kudimba ndi mwezi womwe zikhwime, ndipo amene muli ndi makireti a pulasitiki mubwere nawo tiwawerenge. Amayi a tcheya ndi asungichuma akweranso sabata yamawa ndi dengu la tomato ndi letesi kuti bambo aja akaone okha.