Ndaupeza mzati wa Space Is the Place

Mtima wakhala m'malo tsopano. Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi chimbale cha 1973 cha Sun Ra, woimba jazz wa ku America, chotchedwa Space Is the Place, koma ndinkangomva chiphokoso, ngati aliyense akuimba zake. Za Arkestra, gulu lake loimba, ndi zovala zawo zonyezimira za ku Iguputo zija sindibwereza, anzanga mukuzidziwa kale.

Dzulo usiku ndinavala mahedifoni, n'kusankha kutsata chida chimodzi chokha. Nyimbo yoyamba ija, ya mphindi 21, ili ndi sakisofoni yaikulu ya mawu a besi, baritone, yomwe imabwereza kachidutswa kamodzimodzi, kubwerezabwereza. Ndinayamba kukang'ung'udza chapansipansi, chala chikugogoda patebulo. Apo m'pamene ndinamva! Kachidutswa kameneko ndiye mzati. Woimba June Tyson ndi anzake amaponyerana mawu pamwamba pake, Marshall Allen amaimba sakisofoni ya alto mpaka kukuwa, Sun Ra amathira mawu a ogani ngati chombo chikunyamuka, koma onse akudziwa pobwerera. Nyumba ikakhala ndi mzati wolimba, denga limatha kugwedezeka osagwa.

N'chifukwa chake Sun Ra ankakonda kunena za mwambo kuposa ufulu. Anagwirapo ntchito ndi Fletcher Henderson, mtsogoleri wotchuka wa gulu la jazz, ku Chicago m'ma 1940, ndipo pambuyo pake gulu la Arkestra linkakhala nyumba imodzi ku Philadelphia, kuyeserera maola ambirimbiri. Mverani "Images" pachimbale chomwechi, swing yake, kugunda kovinitsa kwa jazz, njaukhondo bwanji. Anthu amenewa sankasochera ayi.

Ine ndikuti njira yotsata chida chimodzi imatsegula nyimbo iliyonse padziko pano. Bwenzi aphunzitsi athu a nyimbo atatiuza zimenezi sabata yoyamba. Iwo ankangoti "mverani ndi mtima," kenako n'kutipatsa mayina ndi zaka zoti tiloweze. Teremu yatha choncho, ndipo zimandiwawa, chifukwa nthawi yomvetsera modekha ndimaipeza usiku wokha ana akagona.

Zonena za Sun Ra zoti anachokera ku pulaneti ya Saturn nazo zayamba kundimvekera mwina. Munthu wakuda wobadwira ku Birmingham, Alabama, mu 1914, mumzinda wa tsankho loopsa, akati kwawo n'kumwamba, ndikuona ngati akukana dzina ndi malo amene dziko linamupatsa. Komabe nyimbo ina ya pachimbalechi, "Sea of Sounds", ndaibwereza kanayi lero, mzati wake sindinaupeze. Kaya ulipo koma makutu anga sanakhwime, kaya pamenepo anauzula dala, ndikadasinkhasinkha.