Njoka imamvera m'nsagwada

Anthu ambiri amati njoka ndi gonthi. N'zoona kuti mukayang'ana mutu wa nsato kapena wa mphiri simupeza bowo la khutu, mumangoona mamba okhaokha. Ngakhale nembanemba ya khutu, imene pa chule imaonekera poyera ngati kandalama kumbuyo kwa diso, njoka ilibe. Koma khutu lam'kati ili nalo, ndipo limagwira bwino ntchito.

Munthu akaponda, nthaka imanjenjemera. Njoka ikakhala itagoneka mutu pansi, kunjenjemerako kumalowa m'nsagwada ya m'munsi, n'kukwera pa fupa lotchedwa quadrate, limene limalumikiza nsagwadayo ku chigaza. Pa fupa limeneli patsamira kafupa kowonda kotchedwa columella. Iko kamagwedeza madzi a m'khutu lam'kati, mitsempha n'kutengera uthengawo ku ubongo. Ife anthu tili ndi timafupa titatu togwira ntchito imeneyi, njoka kamodzi kokha. Chinanso, nsagwada yakumanja ndi yakumanzere sizinamatirane pachibwano, zagwirizanitsidwa ndi minyewa yotamuka. Choncho mbali iliyonse imalandira mdidi payokha, ndipo akatswiri amaganiza kuti n'zimene zimathandiza njoka kudziwa mbali imene khoswe akuchokera.

Khutu lotere limamva mawu otsika okha, a besi, kuyambira pafupifupi 50 mpaka 1,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kangati mawu amanjenjemera pa sekondi imodzi), pomwe la munthu wachinyamata limafika 20,000 Hz. Likhweru ndi kulira kwa nkhululu zimaipitirira. Njoka za ku India zimene amaziimbira chitoliro zija sizivinira nyimbo ayi, zimatsata ndi maso kugwedezeka kwa chitolirocho. Komabe mawu oyenda mumpweya njoka imawamvako. Mu 2023, ofufuza a pa University of Queensland ku Australia anayesa njoka 19 poziulutsira mawu amene sagwedeza pansi. Zina zinkathawa, pomwe nsato ya mtundu wa woma inkasendera kumene kukuchokera mawuwo.

Kwa amene mumayenda m'tchire kapena kudimba, apa m'pofunika kumvetsa. Kuponda mwamphamvu ndi kugogoda ndodo pansi kumaichenjeza njoka kuposa kuimba likhweru, makamaka panthaka youma ndi yolimba. Pamatope kapena paudzu wowirira mdidi umafera pafupi, sufika patali.

Vuto lalikulu ndi mphiri. Imakumvani ndithu mukubwera, koma sithawa. Imadalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, imangoti phee m'mbali mwa njira, mwina n'kufufuma ndi kutulutsa mpweya mwaukali. Anthu ambiri amalumidwa kuphazi ataiponda, makamaka madzulo ndi usiku. Ndiye phokoso lokha musalidalire. Nyamulani tochi, valani nsapato zotseka mpaka m'kakolo, ndipo musanalowetse dzanja pamulu wa nkhuni kapena wa mapesi, yambani mwatembenuza ndi ndodo yaitali.