Suti imodzi ku Budapest

Loweruka m'mawa, pa 14 Disembala 2024, ku Duna Arena mumzinda wa Budapest, pa mpikisano wosambira wa dziko lonse, mnyamata amene ndimamuphunzitsa kusambira anatuluka m'chipinda chovalira atagwira pantchafu. "Kochi, yang'ambika." Nthawi yoti akalowe ku call room, chipinda chodikiriramo osambira asanaitanidwe kudziwe, pa mamita 50 a freestyle inali itayandikira kwambiri.

Anzanga a ntchito ino mukudziwa mavalidwe a suti yosambirira ya mpikisano, kuikoka pang'onopang'ono ndi nsonga za zala mpaka thukuta kamukamu. Yakeyo inali itatopa kale, ulusi unkachita kuonekera. Ndinalemba kalata yopempha masuti awiri mu Okutobala, ndinakumbutsanso mu Novembala. Yankho linali lakuti ndalama palibe. Komatu pandege tinakwera ndi mabwana awiri a ku ofesi, aliyense ndi alawansi yake, ndipo sabata yonseyo sindinawaonepo pa dziwe lotenthetsera thupi ngakhale kamodzi.

Ndinathamanga bench ndi bench ngati wopempha mchere kwa aneba, munthu wamkulu ndi imvi zanga. Amene anandimvera chisoni ndi kochi wa timu ina yaing'ono ngati yathu. Anatulutsa suti m'chikwama osafunsa zambiri. Ndinangoona kuti chizindikiro chosonyeza kuti ndi yololedwa pa mpikisano chilipo kumbuyo, ndi kuti siipitirira mchombo kapena mawondo, basi. Inali yaikulu pang'ono m'chiuno. Anaivala choncho, manja akunjenjemera.

Mu dziwe la mamita 25, mpikisano wa 50 ndi zinthu ziwiri zokha: podumphira ndi pakhoma. Miyezi inayi tinkagwirira ntchito khoma limodzilo, kutembenuka, kukankha, kumenya miyendo pansi pa madzi n'kutuluka asanafike pa mamita 15, malire omwe malamulo amalola. Tsikulo anadumpha mochedwa, anafika pakhoma atayandikira kwambiri moti miyendo inapindika, ndipo anatulukira msanga pamwamba. Anachedwa kuposa nthawi yomwe tinamulembetsera. Atatuluka m'madzi anapita kaye kukabweza suti ya eni ake, n'kuthokoza ndi manja awiri, kenako anakakhala pakona thaulo ali kumutu. Sindinamulankhule. Ndikanati chiyani?

Masiku enawo anali a masiku onse: basi ya m'mamawa kukuzizira kwa Disembala, kulimbirana lane, kanjira kosambiramo, potenthetsa thupi, ine yemweyo kochi, wosisita minofu ndi wonyamula zikwama. Lachitatu tinaona Noè Ponti wa ku Switzerland akuswa rekodi ya mamita 50 a butterfly ndi 21.32, ndipo ndinajambula momwe amachokera pakhoma kuti tikaphunzirirepo kwathu.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinamukakamiza kuti tibwerere kukaonera. Jordan Crooks wa ku Cayman Islands anasambira 19.90 mu semifinal, munthu woyamba kutsika pansi pa masekondi 20 pa mtundawu. Bwalo lonse linaimirira. Mnyamata wanga anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti dziko la Crooks lili ndi anthu angati. Ndinamuuza kuti safika ngakhale 100,000. Anangogwedeza mutu.

Lamlungu pa chakudya cham'mawa, mmodzi wa mabwana aja anandipeza ndi mbale m'manja. "Akochi, lipoti lija mulembe msanga, ndipo mufotokoze bwino chifukwa chake mwanayu sanachite bwino." Ndalilemba. Tsamba loyamba ndi kalata yanga ya mu Okutobala ija, ndi deti lake.