Bomba lothimitsa magetsi lili kumwamba

Usiku wathawu tulo sindinatione, anzanga. Ndimaonera kanema wa Starfish Prime, bomba la nyukiliya limene dziko la America linaphulitsa mu Julayi 1962, makilomita 400 pamwamba pa chilumba cha Johnston, m'nyanja ya Pacific. Ku Hawaii, mtunda woposa makilomita 1,400, nyale za mumsewu pafupifupi 300 zinathima, ma alamu oteteza nyumba kwa akuba n'kuyamba kulira okha. Nyumba ayi, palibe inagwa.

Chandiopsa ine n'chakuti kukwera m'mwambako ndiye kumakulitsa vuto. Cheza champhamvu chochokera m'bombalo, chotchedwa gamma, chikatsika n'kuwomba mpweya pa makilomita 20 mpaka 40, chimathothola ma elekitironi (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) mumpweyawo, kenako mphamvu ya maginito ya dziko imawakhotetsa onse pakamodzi. Pamatuluka mphamvu yamagetsi yofulumira kuposa mphenzi, yolowa m'mawaya kulikonse kumene bombalo likuonekera. Likaphulikira pansi, mphamvuyo imathera chapafupi, komwe moto wapsereza kale zonse.

Ndipotu nthawi imeneyo kunalibe mafoni a m'manja. Ine ndangoyang'ana kafoni kangaka, komwe kasunga ndalama zanga zonse, mtima n'kuchita myuu.